Matesti akutenga mphindi 19, kodi ndipange mock ma model onse?

Tadala · 18:52
Madzulo abwino akuluakulu. Ndili ndi vuto landisowetsa mtendere sabata yonseyi. Kuntchito tili ndi pulogalamu ya Django (framework ya Python yopangira mawebusaiti) yotolera fizi m'masukulu, makolo amalipira mu USD kapena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe. Matesti athu, timapulogalamu toyesa ngati code ikugwira bwino, alipo 1,140 ndipo kuti onse athe pamafunika mphindi 19 pa laputopu yanga. Ndikasintha kamzere kamodzi ndimawayambitsa, n'kupita kukawiritsa tiyi, pobwera ndimapeza akadali pakati. Chopweteka n'chakuti magetsi akazima kuno ku Kuwadzana mu Harare batire langa limangokhala ola limodzi ndi theka, ndiye matesti ndiwo amadya batire, ntchito yeniyeni n'kutsala.

Bwana wanga wanena kuti tipange mock ma model onse (ma class oimira ma table a mu database), matesti asamakhudze database n'komwe. Ndayamba dzulo, ndachita mafayilo awiri, ndipo kunena zoona akuuluka. Koma mtima wanga sukukhazikika. Amene munadutsamo m'njira imeneyi, ndipitirize?

Chifundo · 18:55
Mphindi 19? Achemwali, nthawi imeneyo kombi yanyamuka pa Copacabana yafika kale ku Warren Park, kondakitala wabweza ndi chenji chomwe.

Mavuto · 18:58
Pitirizani achemwali, bwana wanuyo akunena zoona. Unit test yokhudza database si unit test, ndi integration test yovala malaya a eni. Ine ndinakulira ku Java, kumeneko nkhaniyi sitikambirana n'komwe, database imakhala kunja basi.

NaMwale · 19:04
Tadala, usanapitirize ndiyankhe funso limodzi. Mwa mphindi 19 zimenezo, ukudziwa kuti zingati zikuthera mu database? Unayeza, kapena bwanayo wangoganiza?

Tadala · 19:05
Sindinayeze achemwali. Tonse muofesi tinangogwirizana kuti ndi database.

NaMwale · 19:09
Ndiye yamba ndi kuyeza. Ngati mukugwiritsa ntchito pytest, lemba `pytest --durations=25`, ikupatsa matesti 25 ochedwa kwambiri, ndipo imasiyanitsa nthawi ya setup ndi nthawi ya tesiti yeniyeniyo. Pa mapulojekiti onse amene ndinaitanidwa kuti "database ikuchedwetsa", kawirikawiri ndimapeza kuti wolakwa ndi wina, database ikungosenzetsedwa mlandu. Database ngati Postgres kulemba kamzere kamodzi mkati mwa transaction ndi nkhani ya mamilisekondi ochepa. Chulukitsa ndi matesti ako 1,140, sufika mphindi 19 ngakhale utachita bwanji. Pali china chikudya nthawi pamenepo.

Yamikani · 19:11
Pepani akuluakulu, ine ndili chaka chachiwiri ku koleji ku Belvedere, ndikutsalira. Mock ndi chiyani kwenikweni? Ndimangoona `MagicMock` m'ma code a anthu koma sindinaimvetse.

A Banda · 19:24
Wachita bwino kufunsa mwanawe, safunsa anadya phula. Mock ndi chidole chimene umachiimika pamalo pa chinthu chenicheni panthawi ya tesiti. Code yako ikamaitana database, kapena kampani yotumiza SMS, chidolecho ndicho chimayankha, ndipo chimayankha zimene iwe unachiuza kuti chiyankhe. Chimasunganso kaundula wa amene anachiitana, kangati, ndi mawu otani, kuti pamapeto ufunse kuti "kodi SMS inatumizidwa kamodzi?" Mu Python chimabwera ndi chilankhulo chomwe, `unittest.mock`, kuyambira pa Python 3.3 mu 2012. Kale inali library yapadera yolembedwa ndi Michael Foord.

Koma dziwa khalidwe la chidole chimenechi: `MagicMock` sakana kanthu. Ukamufunsa `wophunzira.dzina` akuyankha. Ukalakwitsa n'kulemba `wophunzira.dzinna` akuyankhanso mosangalala. Ali ngati mlamu wofuna kukondedwa, chilichonse "eya, eya". Ndiye tesiti imene ikudalira iyeyo imakhala yobiriwira, kusonyeza kuti yapambana, ngakhale nyumba ikuyaka.

Yamikani · 19:26
Zikomo madala, tsopano ndamva. Ndiye n'chifukwa chiyani anthu amamugwiritsabe ntchito?

A Banda · 19:27
Chifukwa pali malo ake oyenera. Tifikapo. Tidikire kaye Tadala abwere ndi manambala.

Mavuto · 19:31
Madala, zimenezo zili ndi mankhwala ake. Mukapereka `spec` kapena mukagwiritsa ntchito `create_autospec`, chidolecho chimakana dzina lililonse limene kulibe pa class yeniyeni. Vuto si mock, vuto ndi anthu opanga mock mwaulesi.

NaMwale · 19:40
Achimwene a Mavuto, pa ma attribute mukunena zoona. Koma autospec sidziwa zimene zili mkati mwa `filter`. Mayina a ma field mmenemo amalowa ngati ma keyword argument, Django ndiye amawafufuza pomanga query. Mukalemba `tsiku_lolipila` pomwe field ndi `tsiku_lolipira`, Django weniweni akuponyerani FieldError nthawi yomweyo. Mock amangomeza.

Ndiponso taonani mmene tesiti yotere imaonekera. Code ili ndi filter, kenako exclude, kenako order_by. Kuti mupange mock mumalemba unyolo wa `return_value` katatu motsatana ndendende ndi mmene code ilili. Ndiye mwalemba code yomweyo kawiri, kamodzi mu view, kamodzi mu tesiti. Mawa wina akasinthanitsa filter ndi exclude, zotsatira zili chimodzimodzi, tesiti ikufa popanda chifukwa. Wina akasintha `gte` kukhala `gt`, ana onse amene analipira pa tsiku lomaliza lenilenilo aoneka ngati ali ndi ngongole, koma tesiti ili phee, yobiriwira, pokhapokha ngati munakoperanso mawu omwewo mu assert. Imalira pomwe palibe maliro, pa maliro penipeni n'kukhala chete.

Tadala · 19:43
Eeeh, zimenezi ndi zomwe zimandivuta dzulo koma ndimasowa mawu ake. Mu fayilo yachiwiri ija ndinalemba `return_value` kasanu mumzere umodzi, ndinadzifunsa kuti kodi ndikuyesa code kapena ndikuyesa ngati ndimatha kukopera.

Matesti akuthamanga ndi durations, ndibwera.

Chifundo · 19:45
Podikira: alipo amene akupita ku Mbare Loweruka? Amayi atumiza ufa woyera ndi chambo chouma pa basi, ine ndili pa ntchito tsiku limenelo.

Yamikani · 19:46
Ndikhoza kukutengerani achimwene, bola chambo chimodzi chikhale changa.

A Banda · 20:02
Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, mwina zithandiza kuposa kukangana.

Mu 2024, ZiG itabwera mu Epulo, code ya ndalama inasintha kuchoka pa ZWL kupita pa ZWG. Panthawiyo ndinkasamalira pulogalamu ya ma invoice ya sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira, dzina sinditchula. Pa table ya malipiro tinali ndi CheckConstraint yonena kuti ndalama ikhale USD kapena ZWL basi, china chilichonse Postgres akane. Mnyamata amene ndinkagwira naye anawonjezera ZWG mu model, mu choices ndi mu constraint momwe, zonse bwinobwino. Chimene anaiwala ndi kupanga migration, fayilo imene imapititsa kusinthako ku database yeniyeniyo. Ine ndinayang'ana code yake, ndinaona matesti onse obiriwira, ndinavomereza. Ndiye mlanduwo ndi wanga, osati wake.

Matesti a gawo limenelo tinali titapanga mock `save` chaka chapitacho, pa chifukwa chomwechi cha Tadala, kufuna liwiro. Ndiye tesiti inkati: panga invoice ya ZWG, itana save, onetsetsa kuti save yaitanidwa kamodzi. Inde inkaitanidwa. Chidole chinkagwedeza mutu.

Kumapeto kwa mwezi, Lolemba m'mawa, ndili mu kombi cha pa Machipisa, foni ikulira. Mayi wa pa kauntala akuti kompyuta ikukana kusindikiza lisiti la aliyense wolipira ZiG. Kumbuyo ndikumva phokoso la anthu, wina akukuwa kuti lole yake ya simenti yaima panja ndipo dalaivala amalipidwa pa ola. Ndinatsika kombi ulendo usanathe, ndinakhala pakhonde la sitolo ina laputopu pamaondo, intaneti ya pafoni, ndikuwerenga IntegrityError mizere mazana. Kukonza kwake kunali mphindi zisanu. Koma mayi uja analemba malisiti pamanja mpaka 11 koloko, ndipo masiku atatu otsatira tinkalowetsa mapepala amenewo limodzilimodzi. Tinapulumutsa mwina masekondi 40 pa matesti, tinalipira ndi masiku atatu. Walira mvula walira matope.

Mavuto · 20:07
Pepani madala, koma nkhani yanuyi ikutsutsa kuiwala migration, osati mock. `makemigrations --check` mu CI, makina amene amayendetsa matesti okha code ikatumizidwa, ikanagwira zimenezo popanda tesiti iliyonse.

A Banda · 20:09
Ikanagwiradi, ndipo tinaiika tsiku lomwelo madzulo. Koma tesiti imodzi yokha yolemba invoice ya ZWG mu Postgres weniweni ikanagwiranso, ndipo imeneyo ikanagwira ndi zina zimene sindinaziganizire. Msampha umene umatchera nyama imodzi yokha yomwe ukuidziwa kale ndi wosiyana ndi ukonde.

NaMwale · 20:14
Ndiwonjezere pa nkhani ya a Banda, chifukwa wina awerenga pano n'kuthamangira `--nomigrations` ya pytest-django, kapena `MIGRATE` kuika False mu settings, imene inabwera ndi Django 3.1. Zimenezo zimafulumizitsadi poyambira, koma ma table amamangidwa kuchokera ku ma model mwachindunji. Ndiye vuto la a Banda likanadutsanso, chifukwa mu model ZWG inalimo. Pa laputopu yako zimitsa ma migration ngati ukufuna, koma pa CI aziyenda onse monga mmene adzayendere pa seva.

Tadala · 20:21
Ndabwera. Manyazi andigwira.

Matesti 14 oyambirira pa mndandanda onse akutenga masekondi 30 ndi kanthu kakang'ono, ndendende. Ndatsegula, ndapeza kuti akuitana kampani yotumiza SMS yeniyeni, pa adiresi yoyesera imene inasiya kuyankha kalekale. Timeout yathu ndi masekondi 30, ndipo code imameza error n'kupitirira, ndiye tesiti imadikira, n'kupambana. Masekondi 30 kuchulukitsa 14 ndi mphindi 7. Mphindi 7 tikungodikira munthu amene anasamuka.

Chifundo · 20:22
Hahaha ndiye database munainamizira ufiti pomwe mfiti ili pakhomo pomwepo.

NaMwale · 20:25
Apa ndiye pamalo pa mock, Yamikani taona. SMS, njira zolipirira monga EcoCash ndi Paynow, chilichonse chodutsa pa intaneti kupita kwa eni ake, chimenecho ika chidole mosaopa. Sungathe kuchilamulira, chimachedwa, ndipo tsiku lina ukhoza kutumizira kholo la mwana uthenga wa ngongole pakati pa usiku chifukwa cha tesiti. Imelo yokha Django amakusamalira yekha, pa matesti amaisunga mu `mail.outbox` osaitumiza. SMS alibe nayo ntchito, imeneyo ndi yako.

Tadala, ukamaliza uike pytest-socket. Imatseka njira yotulukira pa intaneti nthawi ya matesti, ndiye wina akadzaiwalanso mock, tesiti idzafa pomwepo ndi uthenga womveka. Ungokumbukira kulola adiresi ya Postgres wako, apo ayi utsekera ndi database yomwe.

Yamikani · 20:29
Ine ndinayesapo `patch` pa pulojekiti ya kusukulu koma function yeniyeni inkaitanidwabe. Ndinangosiya.

Mavuto · 20:35
Umenewo ndi msampha wa aliyense woyamba mng'ono wanga. Patch umaiika kumene dzinalo likugwiritsidwa ntchito, osati kumene linabadwira. Tinene kuti `tumiza_sms` ili mu `mauthenga.py`, ndipo mu `malipiro/views.py` unalemba `from mauthenga import tumiza_sms`. Pamenepo views ali ndi dzina lakelake lolozera ku function ija. Ukapanga patch `mauthenga.tumiza_sms` wasintha chikwangwani cha kumudzi, koma views akugwirabe chingwe chakale. Uyenera kupanga patch `malipiro.views.tumiza_sms`.

Yamikani · 20:36
Aaa! Ndi zomwezo ndendende. Masiku awiri ndinataya pamenepo.

Tadala · 20:44
Zina zimene ndaona. Setup ya pafupifupi tesiti iliyonse ikutenga nthawi ndithu. Tili ndi base class imene mu `setUp` imapanga ma user asanu: hedimasitala, bursar, mphunzitsi, kholo ndi admin. Tesiti iliyonse, ngakhale yongoyesa kuwerengera chenji.

NaMwale · 20:52
Ndinadziwa. Tsegula settings za matesti, uone ngati muli `PASSWORD_HASHERS`. Ndikhulupirira mulibe.

`create_user` iliyonse imadutsitsa password mu PBKDF2, ndipo imeneyo inapangidwa dala kuti izichedwa, kuti wakuba akaba table ya ma user avutike. Pa Django 4.2 imazungulira ka 600,000 pa password imodzi. Iwe ukuchita zimenezo kasanu pa tesiti iliyonse, matesti oposa 1,000. Imeneyo si database, ndi purosesa yako ikutuluka thukuta, ndipo ndi imene ikumwa batire lija. Mu settings za matesti zokha ika MD5PasswordHasher, malangizo a Django omwe amanena zimenezi. Ndikubwereza, za matesti zokha. Ikalowa pa seva yeniyeni usadzanditchule.

Chachiwiri, samutsa ma user amenewo kuchoka mu `setUp` kupita mu `setUpTestData`. Ilipo kuyambira Django 1.8, imapanga zinthu kamodzi pa class yonse m'malo mwa tesiti iliyonse. Ndipo polowetsa munthu mu tesiti gwiritsa ntchito `force_login`, osadutsanso pa password.

Chifundo · 20:55
Ife a Laravel, framework ya PHP, zimenezi anatikonzera kale, mu `phpunit.xml` mumabwera `BCRYPT_ROUNDS` ili pa 4. Bwerani kuno achemwali, kuli mtendere.

A Banda · 20:56
Iwe Chifundo, mtendere wa PHP tinauona ife usanabadwe. Khala chete.

Mavuto · 21:10
Chabwino, ndavomera kuti kwa Tadala wakuba nthawi sanali database. Koma musandithamangitse msanga, mfundo yanga ikadalipo, mwina ndinaifotokoza molakwika.

Tadala wanena yekha kuti tesiti yowerengera chenji ikupanga ma user asanu. Funso langa ndi lakuti, kuwerengera ngongole ya mwana kukufuniranji database poyamba? Ndi masamu. Fizi ya teremu ndi yakuti, analipira zakuti mu USD, zakuti mu ZiG pa rate ya tsiku limenelo, yatsala ndi yakuti. Ngati masamu amenewo akwiriridwa mkati mwa view kapena mkati mwa `save`, ndiye kuti uwayese uyenera kudzutsa nyumba yonse. Atulutseni akhale function payokha, yolandira manambala n'kubweza nambala. Imeneyo mukhoza kuiyesa m'njira 200, kulipira mopitirira, kulipira ziro, rate kusintha pakati pa teremu, ana awiri a kholo limodzi, ndipo zonsezo zitha sekondi isanakwane. Popanda database, popandanso mock.

NaMwale · 21:13
Apa ndiye tagwirizana achimwene, ndi manja awiri. Koma taonani kuti zimene mwanenazi si zimene bwana wa Tadala walamula. Iye akuti code ikhale momwemo, tingophimba ORM, gawo la Django lolankhula ndi database, ndi zidole. Inu mukuti tisinthe kamangidwe kuti chidole chisafunike. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Mavuto · 21:15
Eya. Kwathu ku Java timaika repository pakati, ndiye chidole chimalowa pa interface imene tinalemba tokha, ya ma method atatu kapena anayi. Kupanga mock QuerySet ya Django, chinthu cha eni chokhala ndi ma method ambirimbiri, ndikuvomereza kuti ndi kudzipalira makala pamutu.

A Banda · 21:22
Ndipo Tadala, pali njira yapakati imene ambiri amaiwala. Model ya Django ukhoza kuipanga osaisunga. Ukangoitana class n'kuipatsa ma field, osaitana `save`, uli ndi chinthu chenicheni chokhala ndi ma method ake onse, database osaikhudza. Ngati muli ndi factory_boy, library yopangira zinthu za matesti, ndiko kusiyana kwa `build` ndi `create`: yoyambayo imangoumba, yachiwiriyo imaumba n'kusunga. Ndiye ma property, `__str__`, ndi timasamu tating'ono ta pa model, yesa ndi `build` mkati mwa `SimpleTestCase`. Ubwino wa SimpleTestCase ndi wakuti code ikangoyesa kufunsa database mobisa, imakana n'kukuuza.

Malire ake: ukafuna kuyenda chobwerera, monga kuchoka pa wophunzira kupita ku malipiro ake onse, kapena many-to-many, chinthu chosasungidwa chilibe primary key ndipo Django akana ndi ValueError. Ukafika pamenepo usalimbane nazo, imeneyo ndi tesiti ya database, ipatse database.

Yamikani · 21:25
Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito SQLite ya mu memory pa matesti? Aphunzitsi athu anati imathamanga kwambiri.

NaMwale · 21:38
Imathamangadi, ndipo pa pulojekiti ya kusukulu palibe vuto. Koma kwa Tadala, amene akugwira ndalama za makolo pa Postgres, mapanga awiri avumbwitsa.

SQLite salabadira `max_length`. Field ya zilembo 20 ukaipatsa 50 amalandira, Postgres amakana. SQLite alibe mtundu weniweni wa decimal, amasunga ngati float, ndiye ukamaphatikiza ndalama mkati mwa query masenti akhoza kusiyana ndi a pa seva. `contains` pa SQLite sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono za Chingerezi, pa Postgres amasiyanitsa. Ndipo chachikulu kwa anthu a malipiro, `select_for_update` pa SQLite sichita kanthu, imangodutsa mwakachetechete. Imeneyo ndi imene imateteza kuti kholo likadina batani kawiri, kapena uthenga wotsimikizira malipiro ukabwera kawiri, ndalama isalembedwe kawiri.

Ukafuna liwiro, thamangitsa Postgres yemweyo. Wa matesti yekha muzimitsire `fsync`, kapena mu Docker ika data yake pa tmpfs kuti zonse zikhale mu RAM. Magetsi akazima zonse zitayika, koma ndi zinyalala za matesti, palibe wolira. Wonjezera `--reuse-db` kuti asamamange ma table mwatsopano nthawi iliyonse.

Tadala · 21:51
Ndasintha hasher ndi kuika patch pa SMS. Sindinakhudze china chilichonse. Mphindi 6 ndi masekondi 10.

Ndakhala ndikuyang'ana sikirini ngati ndaona mzukwa. Miyezi isanu ndi itatu takhala tikupirira zimenezi.

Chifundo · 21:52
Tiyi uja simumumwanso achemwali, madzi sawira n'komwe.

NaMwale · 21:54
Mphindi zisanu ndi imodzizo zikadali zambiri. Yang'ananso durations, pamwamba pali ndani tsopano?

Tadala · 22:03
Gawo la malisiti lonse, matesti pafupifupi 190. Onse akuchokera ku `TransactionTestCase`. Pali ndemanga pamwamba pa class imene analemba amene anandisiyira ntchitoyi: "musasinthe, SMS sizituluka ndi TestCase".

NaMwale · 22:15
Ndikudziwa chimene chinamuchitikira, ndipo panthawi yake mwina sanalakwe. `TestCase` imakulunga tesiti iliyonse mu transaction, pamapeto n'kubweza zonse mmbuyo, n'chifukwa chake ndi yachangu. Koma popeza commit sichitika, chilichonse chimene munaika mu `transaction.on_commit` sichiitanidwa. SMS yanu ya lisiti iyenera kuti ili mmenemo, ndipo ndi malo ake oyenera, simufuna kuuza kholo kuti ndalama yalandiridwa isanalembedwe. Ndiye mnzakoyo anathawira ku TransactionTestCase, imene imachitadi commit, koma pamapeto pa tesiti iliyonse imakolopa ma table onse. Ma table akachuluka, kukolopako ndiko kumadya nthawi.

Kuyambira Django 3.2 pali `captureOnCommitCallbacks`. Umaigwiritsa ntchito mkati mwa TestCase wamba, n'kuiuza kuti execute ikhale True, ndipo imaitana ma callback aja popanda commit yeniyeni. Matesti ambiri mwa 190 amenewo akhoza kubwerera ku TestCase. Usiye okhawo oyesadi khalidwe la transaction, monga aja a kulipira kawiri nthawi imodzi. Ndikuganiza sapitirira khumi.

Tadala · 22:17
Tili pa 4.2, ndiye ilipo. Zimenezi ndichita mawa ndi mutu wabwino, 190 si masewera.

Koma funso limene landitsalira ndi la bwana. Iye anandituma mock, ine ndibwera ndi zina. Ndipo mafayilo awiri aja ndinawachita kale, anawaona, anakondwa.

A Banda · 22:28
Usapite ndi mtsutso mwanawe, pita ndi manambala. Bwanayo sakufuna mock, akufuna matesti achangu, mock ndi njira imene anaiganiza. Muonetse 19, muonetse 6, umuuze kuti mawa itsikanso. Kenako chita ichi pamaso pake: mu imodzi mwa mafayilo awiri aja, lowa mu view, uwononge dala dzina la field mu filter, uyendetse matesti a mock. Akaona zobiriwira pa code yakufa, sufunikanso kulankhula. Ine ndikanakhala kuti wina anandionetsa zimenezo mu 2023, sindikanakhala pakhonde la eni ku Machipisa.

Umuuze mwaulemu, pambali, osati pa msonkhano wa anthu onse.

Mavuto · 22:31
Ndipo musataye zonse za m'mafayilo awiriwo. Onani kuti ndi ati amene akuyesa masamu, amenewo atulutseni akhale ma function oyera monga ndinanenera. Otsalawo abwezereni ku database.

NaMwale · 22:36
Kanthu kena kamene chidole sichidzakuuza: kuchuluka kwa ma query. Tsamba la mndandanda wa ana a sukulu yonse likhoza kufunsa database kamodzi pa mwana aliyense chifukwa wina waiwala `select_related`. Ndi ana 5 a mu tesiti suona kanthu, ndi ana 900 bursar amangoona kachizungulire pa sikirini, mzere wa makolo uli panja. Ika `assertNumQueries` pa masamba akuluakulu atatu kapena anayi, nambala ikakwera tesiti ikuuza.

Yamikani · 22:38
Nanga `-n` ija ndimaiona anthu akulemba?

Chifundo · 22:41
Ndi pytest-xdist, imagawa matesti pa ma core onse a kompyuta, aliyense ndi database yake. Django payekha ali ndi `--parallel`. Koma kwa munthu wa batire la ola limodzi ndi theka, ma core onse akayaka fani imalira ngati chigayo cha ku Mbare. Muyese magetsi alipo.

NaMwale · 22:43
Ndipo ikhale yomaliza, Tadala. Ukayamba ndi parallel umangobisa ulesi wa matesti, ndiponso amene amadalirana mobisa amayamba kufa mosinthanasinthana, lero uyu mawa uyo. Konza kaye zenizenizo.

Tadala · 22:49
Ndamva achemwali. Mawa: setUpTestData, malisiti kubwerera ku TestCase, kenako kwa bwana ndi field yowononga dala. Zikomo nonse, a Banda zikomo chifukwa cha nkhani ija, ndikaigwiritsa ntchito koma osatchula dzina.

Magetsi angozima kumene. Batire lili pa 41, ndikuchita git commit ya hasher ndi SMS ndisanagone.

Tadala · mawa lake, 16:20
Mphindi 2 ndi masekondi 35, popanda parallel. Mu TransactionTestCase mwatsala matesti 7. Posamutsa enawo, awiri anafa, ndipo nditafufuza ndapeza kuti imodzi inagwira vuto lenileni: lisiti la malipiro a ZiG limatenga rate ya tsiku losindikiza m'malo mwa tsiku lolipira. Lakhala lili pa seva kuyambira teremu yatha.

Bwana ndinamuonetsa field yowononga ija. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti mafayilo a mock ndi awiri okha eti. Ndati eya. Wati ndiwabweze, ndipo Lachisanu ndifotokozere anzanga muofesi za durations.

Tsopano ndikufufuza kuti ndi malisiti angati amene anatuluka ndi rate yolakwika. A NaMwale, mungandithandize query yake madzulo ano? Ndikufuna kufananiza tsiku lolipira ndi tsiku losindikiza pa table ya malisiti ndi ya ma rate.

NaMwale · 16:26
Tumiza ma model awiriwo ku inbox, uchotse mayina a masukulu. Ndikhala pa kompyuta ikamakwana 7, ngati kuno ku Mufakose magetsi abwera.

Chifundo · 16:27
Yamikani, basi ija akuti ifika Loweruka m'mawa cha m'ma 9. Katunduyo ali m'thumba la buluu lomanga ndi chingwe chofiira.